Amene Adagwedeza Chingwe cha a Jumaan

Madzulo a tsiku limenelo a Jumaan adali atatsuka kale boti lawo, atakweza injini, atakhala pakhonde kudikira tiyi wamkaka. Mphepo idali itayamba kununkha fumbi. Pa chilumba cha Sokotra palibe amene amafunsa tanthauzo lake: chimphepo cha chaka ndi chaka chili pakhomo, ndipo chikalowa nyanja imatsekeka miyezi yathunthu. Alendo obwera kudzaona za pansi pa madzi adali atabwerera kwawo. Kudatsala mmodzi yekha, mayi wa ku Norway dzina lake Marit, amene ankabwera chaka chilichonse n'kumachoka pomalizira penipeni, ngati mlendo wodikira kuti achite kumuthamangitsa.

Tiyi asanafike adatulukira Ghanim, tsitsi likudontha madzi. Ameneyu adali mwana wawo yekhayo wamwamuna, munthu wa ndevu zake, amene ankatsika pansi pa nyanja ndi botolo la mpweya kumsana. Ntchito yake idali yoperekeza alendo, komanso kulondera malo a patsogolo pa thanthwe lalitali, pamene midzi yathu idagwirizana kuti pasaponyedwe ukonde kapena kutolapo kanthu, kuti nsomba ziziswana. Kudziletsako kudapindula. Miyala yamoyo ya pansi ija idaphukanso nthambi, nsomba zidabwerera, alendo nawo adachuluka.

Ghanim sadakhale n'komwe pansi. Adati masana amenewo iye ndi Marit apeza chiukonde chachikulu, chotayidwa ndi zombo zachilendo zopha nsomba kutali, chitakodwa pa miyalayo n'kulendewera kuphompho. M'kati mwake mudali nsomba zowola ndi kamba wa m'nyanja wakufa. Chimphepo chikachipeza pamenepo, chidzachikwekwesa uku ndi uku mpaka kupala zonse zimene anthu adasunga zaka zonsezi. Za mawa padalibe. Mnzake woyendetsa boti adali atakwera kumapiri ku ukwati, choncho adadzatenga bambo ake.

A Jumaan adayamba ndi chipongwe chawo cha masiku onse. Adati kale anthu ankatsika ndi mpweya umene Mulungu adawapatsa, osati wogula m'botolo ngati mafuta ophikira, ndipo ngati anyamata a lero akugonja ndi kaukonde, angotuma amayi awo. Koma polankhula izi adali akumangitsa kale nsalu yawo m'chiuno. A Khamisa, akazi awo, adaima pakhomo kapu ili m'manja, n'kungoti mpunga ndi nsomba azivundikira, asachedwe.

Munthuyu kuti mumumvetse, muyambe mwadziwa manja ake. A Jumaan adakulira m'boti la ofuna ngale, nthawi imene anthu ankabira pansi pa nyanja ndi mpweya wa m'chifuwa basi, mwala kuphazi, chingwe padzanja. Iwo sankabira. Adali wokoka, monga adalili bambo awo. Wokoka amakhala m'boti chingwe chili pakati pa zala, ndipo mnzake akatsika, nayenso amasunga mpweya kuti azimva zimene wapansiyo akumva. Chingwe chikagwedezeka safunsa, saganiza, amakoka. M'mudzi mwawo mudali munthu wina dzina lake Afrar, amene adachedwa kukoka chifukwa ankayatsa fodya, ndipo mnzake adafika pamwamba atatsirizika. Palibe adamumenya Afrar, palibe adamutukwana, koma mpaka ukalamba wake sadadyenso mbale imodzi ndi munthu. A Jumaan adamuona ndi maso awo akudyera yekha kuseri kwa mzikiti.

Adafika pamalopo dzuwa likulowa. Ataponya nangula pa mchenga, patali ndi miyala, Ghanim adatulutsa chingwe chatsopano chabuluu. Adafotokoza kuti akachimanga pakati pa ukondewo kuti usathawe ndi madzi pamene iye ndi Marit akuudula kuuchotsa pa miyala. Adabwerezanso zimene bambo ake adazimva kambirimbiri, kuti munthu wopuma mpweya wa m'botolo pakuya sakwera mothamanga. Amakwera pang'ono, n'kuima, n'kukweranso, n'kuimanso. Akathamanga, mpweyawo umachita thovu m'magazi ndipo ukhoza kumupha kapena kumuumitsa msana.

"Bambo, mundimve bwino. Chingwechi n'cha ukonde, si cha munthu. Chigwedezeke, chivine, chiyimbe nyimbo, inu musakoke. Mukoke ndikatuluka ine n'kukuuzani ndi pakamwa panga."

"Iwe ukundiphunzitsa chingwe ine? Pamene ndinkakoka amuna, amayi akowo adali asanamere mano."

"N'chifukwa chake ndikukuuzani, bambo. Manja anuwo ndimawadziwa."

Marit adaseka, ngakhale adangomva theka. Awiriwo adaluma mapaipi awo, adayatsa matochi, n'kudzigwetsa chagada m'madzi.

A Jumaan adaswali Magharibi, pemphero la dzuwa litalowa, m'botimo. Pomaliza, mdima udali utagwa, mwezi kulibe. Pansi patali pankaoneka kuwala kuwiri kobiriwira kukuyenda pang'onopang'ono, ndipo thovu la mpweya wa awiriwo linkakwera n'kumaphulika pambali pa boti, apa ndi apo. Chingwe chidali chomangidwa pa mtanda wa boti. Padalibe chifukwa chochigwirira. Koma atakhala pansi adangopeza chili kale pakati pa zala zawo, ndipo adachisiya momwemo.

Nthawi idapita. Kumtunda nyali za m'mudzi zidayaka. Mbuzi idalira kuthanthwe, n'kusiya.

Chingwe chidagwedezeka.

Kudali kugwedezeka kwapang'ono, ndipo a Jumaan adadziuza kuti ndi madzi akukankha ukonde. Adayang'ana pansi. Kuwala kuwiri kuja kudalipo. Thovu lidalipo. Adamasula zala, n'kupukuta dzanja pa nsalu.

Chidagwedezekanso. Ulendo uno sichidali cha madzi. Madzi sagwedeza kawiri mofulumira, n'kupuma, n'kukoka kamodzi kautali. Kagwedezedwe kameneka ankakadziwa. Wobira aliyense adali ndi kake, ndipo wokoka ankakazindikira monga timazindikirira mawu a munthu ali kuseri kwa chitseko. Aka kadali ka Tanuf, wa m'mudzi wa kuseri kwa thanthwe, amene a Jumaan adamukoka nyengo zambiri onse ali anyamata.

Koma Tanuf adali atasowa sabata yapitayo. Ngakhale adali wa imvi, ankazembabe usiku kukatola nkhanu zikuluzikulu zija zogulidwa ndi ophikira alendo, m'malo oletsedwa omwewa, ndi mpweya wa m'chifuwa ngati kale. Aliyense ankadziwa. Ghanim adakanganapo naye, mpaka tsiku lina kumulanda thumba la nkhanu pamaso pa anthu n'kuzibwezera m'madzi. Kenako m'mawa wina kabwato ka Tanuf kadapezeka kakuyandama kokha. Anthu adafufuza gombe lonse, osapeza ngakhale nsapato.

A Jumaan adatchula dzina la Mulungu, n'kuika manja onse awiri pansi pa ntchafu, ngati mwana woletsedwa kugwira chakudya. Chingwe chidapitiriza chokha. Adachiona ndi maso chikudumpha pa mtanda paja. Kawiri mofulumira. Chete. Kamodzi kautali.

Mphepo idakuntha pang'ono, madzi n'kuchita makwinya. Thovu lija silidaonekenso bwino. Adasuzumira mbali iyi, adasuzumira mbali inayo. Kuwala kumodzi kunkayendabe. Kwinako kudangoima malo amodzi.

Apa ganizo loipa lidawafikira. Ghanim naye ankakadziwa kagwedezedwe kameneka. Ali mwana ankakonda kumanga kachingwe ku chala cha bambo ake akagona masana, n'kubisala kuseri kwa chitseko akugwedeza ngati Tanuf, kuti awaone akudzambatuka. Nanga ngati wakodwa mu ukondewo? Ngati paipi yaduka? Munthu woti mpweya wamuthera sakumbukira malamulo amene wapereka ali m'boti. Amagwira chimene chili pafupi n'kuitana bambo ake.

Adaitana dzina la mwana wawo, ngati kuti mawu amalowa m'madzi. Adamenya m'mbali mwa boti ndi chitsulo. Padalibe yankho lina koma chingwe. Tsopano chinkagwedezeka mosalongosoka, mothamanga, mopempha. A Jumaan sadadziwe nthawi imene dzanja lidabwerera pa chingwepo. Sadadziwenso kuti adasiya kupuma, mpaka atamva chifuwa chikuwotcha ndi makutu akulira. Adali akusunga mpweya pamodzi ndi wapansiyo, monga adawaphunzitsira bambo awo.

Adachita mantha amene sadawachitepo chibadwire. Akakoka, akhoza kupha mwana wawo. Akapanda kukoka, akhozanso kumupha, atakhala phee m'boti chingwe chili m'manja.

Kugwedezeka kudayamba kufooka. Kamodzi. Kachetechete wautali. Kamodzinso, kofooka ngati kugogoda kwa munthu wodwala. A Jumaan ankadziwa chimene chimatsatira pamenepo, chifukwa adachimvapo ndi zala zomwezo pa zingwe za anthu ena.

Adaimirira, adaponda phazi pa mtanda, n'kukoka.

Poyamba chidakana. Adakukuta mano, adatsamira chambuyo ndi thupi lonse. Pansi pena pake padathyoka kanthu, ndipo chingwe chidayamba kubwera. Manja adagwira ntchito yawo yakale, ili pamwamba pa linzake, osapuma, osaphonya. Munthu wa msinkhu wawo sakadayenera kukoka motero. Kuwala kumodzi kudachoka pansi n'kumakwera mofulumira, kukuzungulira ngati nyali ili m'manja mwa woledzera.

Ghanim adatumphuka pambali pa boti atakulungidwa mu ukonde, botolo lake litakodwa ndi khosi lake lachitsulo. Adali moyo. Adalavula paipi, adachotsa galasi kumaso, n'kuwayang'ana bambo ake. Sadakuwe. Adangofunsa motsitsa mawu kuti, "Bambo, mwatani?"

A Jumaan adadula ukonde ndi mpeni n'kumukwezera m'boti. Ghanim adati ali bwino, angomva kutopa, ndipo nkhawa yake idali pa Marit, amene adatsala yekha pansi ndipo ankayenera kukwera mwa dongosolo. Adaona kuwala kwake kukukwera pang'ono n'kuima, monga zimayenera kukhalira. Kudikirako kudali kowawa. Ghanim adagona chagada m'botimo, akupuma mpweya wa m'kabotolo kobiriwira kamene ankasungira ngozi. Posakhalitsa adati kumsana kukuyenda nyerere. Kenako adapempha bambo ake kuti amuvule nsapato zosambirira zija, chifukwa zikumufinya. A Jumaan adali atamuvula kale.

Ukonde wotsala unkayandama kumbuyo kwa boti, ndipo ukadakola injini. A Jumaan adayamba kuukwezera m'kati, kuti Marit akangotuluka anyamuke. Adafika pa mfundo imene Ghanim adamanga. Kupitirira mfundoyo chingwe chidali ndi mchira wautali wotsalira, umene udalendewera kuphompho pamodzi ndi ukonde. Mchirawo udali wolemera. Fungo lidafika poyamba. Kenako adaunika ndi tochi.

Lidali dzanja. Chingwe chabuluu chija, chimene chidalowa m'madzi madzulo omwewo, chidazunguliridwa padzanjapo monga ankachitira obira akale, nsonga yake itafumbatidwa m'zala. Pansi pa dzanjalo, mu ukonde, mudali Tanuf. Nkhope nsomba zidali zitaiyamba kale, koma a Jumaan adamudziwa ndi chala chake chaching'ono chopindika ndi mkanda wachikopa m'khosi. Adali munthu wofa masiku apitawo, osati usiku umenewo.

Marit atatuluka n'kuona Ghanim, adamutsina kuphazi, adamutsina pabondo, Ghanim osamva. Adayamba kulira uku akukuwa m'Chiarabu chake chothyokathyoka kuti tiyeni, tiyeni. Koma Msilamu sasiya mtembo m'madzi. A Jumaan adaukwezera m'boti, adaufunditsa nsalu yawo ya kumutu, n'kuyesa kutsegula zala zija kuti achotse chingwe. Zidakana, ndipo adachita kudula.

Usiku womwewo adathamangira naye Ghanim ku chipatala cha ku tawuni pa galimoto ya mnansi. Madokotala adachita zimene akadatha, koma chipinda chachitsulo chochizira matenda amenewa pachilumba pano kulibe, chili kutsidya kwa nyanja. M'bandakucha chimphepo chidalowa ndi mphamvu zake zonse, ndipo ndege sidatere mpaka patapita masiku. Tanuf adaikidwa m'manda m'mawa mwake, fumbi likuwaza anthu m'maso. Ghanim adapita kutsidyako mochedwa, ndipo adabwerako atanyamulidwa, miyendo ikulendewera.

Marit asanachoke adauza akuluakulu a m'mudzi zimene adaona. Adati iye adali pafupi ndi Ghanim, ndipo onse awiri adali kutali ndi chingwe. Adachiona chikugwedezeka, adaunika kumunsi kumene mchira wake udatsikira, n'kungoona ukonde ukulowa mumdima. Pamene chinkakokedwa, chidutswa cha ukonde chidakola botolo la Ghanim n'kupita naye. A Jumaan pamsonkhanowo padalibe, ndipo palibe adalimba mtima kukawauza.

M'mudzi nkhani idayenda monong'ona, pachitsime ndi pokonza maukonde. Ophunzira adati ndi madzi chabe: mtembo unkakankhidwa uku ndi uku, dzanja n'kukodwa m'chingwe. Akale adangowayang'ana, n'kufunsa ngati madzi adaphunzira kuzunguliza chingwe padzanja n'kufumbata nsonga. Ena adati Tanuf adatopa ndi kuzizira, ankafuna manda ngati munthu aliyense, ndipo adadikira mpaka pamwamba pake patafika manja okhawo pachilumba chonse amene sakadamukana. Enanso, motsitsa mawu kwambiri, ankakumbutsana za thumba la nkhanu lija. Adati Tanuf ankadziwa bwino amene ali pansi naye, ndi amene ali m'boti.

A Jumaan palibe adawasala. Anthu ankawapatsa moni, ankawaitana kudzadya, mwinanso mopitirira kale. Iwo adasiya kupita kugombe. Ntchito yawo idasanduka yosambitsa mwana wawo, kumunyamulira panja kuti aone dzuwa, ndi kumutembenuza kuti asachite zilonda. Ankachita zonsezi mwakachetechete. Bambo ndi mwana ankakamba za mphepo, za mbuzi, za mtengo wa shuga, koma za usiku uja ayi. Funso limodzi linkawavutitsa a Jumaan usana ndi usiku, ndipo ankaopa kulifunsa.

Tsiku lina chakumasana kudabwera abale ake a Tanuf, amuna anayi kapena asanu, akukoka mbuzi yonenepa, wina atanyamula botolo la uchi wa kumapiri. Adawayalira mkeka pakhonde, a Khamisa n'kubweretsa tiyi. Wolankhula adali Mubarak, mkulu wake wa malemuyo. Adati akudziwa kuti m'nyumba muno muli chisoni, ndipo adadikira dala kuti masiku apite, koma kukhala chete kukadakhala kusayamika. Mtembo ukadapanda kupezeka, mkazi wa Tanuf akadakhala zaka ali pakatikati, osakhala wokwatiwa, osakhala wamasiye, ndipo ana sakadakhala ndi manda oti n'kukaimapo Lachisanu. Adati okoka enieni adatha pachilumba pano, watsala mmodzi.

Atatero adagwira manja a a Jumaan, onse awiri, adawapsompsona n'kuwaika pamphumi pake. "Mulungu adalitse manja awa, m'bale wanga. Adamva pamene ife tonse tidagontha."

A Jumaan sadathe kuchotsa manjawo. Pamenepo m'nyumba mudamveka mawu a Ghanim, akuitana bambo ake kuti adzamutembenuze, mbali iyi yatopa.

Adapepesa kwa alendo n'kulowa. M'chipindamo mudali kamdima, zenera lotseka chifukwa cha fumbi. Ghanim adagona pa matiresi, maso ali kudenga. Zonse za pakhonde adazimva. A Jumaan adagwada, adalowetsa dzanja limodzi pansi pa mapewa ake, lina pansi pa mawondo, koma sadamunyamule.

"Mwana wanga, ndiuze. Ngakhale kamodzi kokha, mwina mosadziwa. Sudachigwire chingwe chija?"

Ghanim adatembenuza mutu n'kuwayang'ana. Adawamvera chisoni bambo ake, ndipo zidaoneka kuti akufunafuna bodza loti awapatse. Koma adali mwana woleredwa osanama.

"Ayi, bambo. Ndidali bwinobwino. Kudangotsala pang'ono kuti timalize kudula."

A Jumaan adagwedeza mutu. Adamunyamula mosamala, adamugoneka cha kukhoma, n'kumukonzera miyendo umodzi pamwamba pa unzake. Panja Mubarak ankafunsa a Khamisa pamene angamangirire mbuzi.